Petulo Wogonera wa Apongozi Anga

Aphungu,

Ndine mphunzitsi wa sitandade 6 pasukulu ina ya pulayimale kuno kwa Mavwere. Kwathu ndi ku Chiradzulu, koma boma litanditumiza kuno zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo ndinapeza mkazi konkuno, ndipo popeza nyumba za aphunzitsi n'zochepa, ndinamanga pakhomo pa apongozi. Ndiye mwamva kale, ndine mkamwini komanso wobwera. Nkhani imene ndikukulemberaniyi mwina muiseka chifukwa ndi ya petulo, koma ine yandisowetsa mtendere moti choko chikumandigwa m'manja ndili kutsogolo kwa ana.

Mkazi wanga Filomena ndi woyembekezera, mwezi wachisanu ndi chitatu ukutha. Mwana wathu woyamba anabadwa pa opaleshoni, ndipo kusikelo anamuuza mosabisa mawu kuti uyunso akachirire kuchipatala chachikulu ku Boma, asayerekeze kudikira kunyumba. Vuto lathu ndi mtsinje. Pakati pa mudzi wathu ndi msewu umene timakwerera galimoto pali mtsinje umene umakathira mu Bua. Chilimwe timawoloka titangopinda thalauza. Koma Januwale ndi Febuluwale ukadzaza umasefukira m'dambo lonse, kamlatho ka mitengo kamamira, ndipo pamatha masiku anayi kapena asanu munthu osaponda tsidya. Njira yozungulira ilipo, koma ndi yamatope oti ngolo imatitimira mpaka ng'ombe kugwada.

Apongozi anga aamuna, a Goliati, ali ndi boti. Inde, boti ku Mchinji. Anagwira ntchito zaka zambiri pa esiteti ina ya fodya imene inali ndi damu, ndipo mwini wake anali ndi kaboti ka injini kongopitira mphepo Lamlungu ndi kuwedzera nsomba. Esitetiyo itatsekedwa, antchito okhalitsa anauzidwa kuti aliyense asankhe chotenga. Anzawo anatenga malata, ena ngolo. Iwo anapempha boti. Mudzi wonse unafa ndi phwete, ndipo mpaka lero pamaliro kapena kumsika anzawo amawatchula kuti a Kaputeni. Inenso nditangofika ndinaseka nawo, ndisanadziwe chimene chinawachititsa.

Chinawachititsa ndi Luwiza, mkulu wake wa mkazi wanga. Zaka khumi zapitazo matenda a uchembere anamuyamba mtsinje uli wodzaza. Anamunyamula pamachira mpaka m'mbali mwa madzi, n'kukhala pamenepo kuyambira m'mawa kudikira kuti aphwe, galimoto imene anaitana ikuoneka tsidya linalo. Pofika masana anali atatisiya, iye ndi mwana yemwe. Apongozi salankhula za tsiku limenelo. Ine ndinamva kwa Filomena, amene anali pomwepo atagwira chitenje chotchingira mkulu wakeyo dzuwa.

Tsono injini ya botilo ndi zija zimafuna petulo wosakaniza ndi oyilo. Mu Novembala 2024, mafuta atasowa paja, apongozi anagulitsa mbuzi n'kukagula petulo kwa mavenda cha kumalire. Anadzaza zigubu zitatu zachikasu, zija zimabwera ndi mafuta ophikira, ndipo anathira oyilo m'zonse zitatu tsiku lomwelo. Ankati tsiku la ngozi pasadzakhale zoyezayeza, munthu adzangonyamula n'kuthamanga. Zigubuzo anaziika m'kanyumba ka malata kuseri kwa chigafa, momwe amasungamo makasu ndi feteleza. Mu Okutobala ukalowamo thukuta limayamba usanatseke chitseko.

Chigubu choyamba chinatha dzinja lathali, ndipo chinawolotsa odwala ndi ana asukulu popanda vuto lililonse. Chachiwiri anatsegula mwezi wathawu. Chachitatu sichikhudzidwa ndi munthu. Anachimanga pakamwa ndi pulasitiki ndi mphira wa njinga, ndipo pambali pake analemba ndi penti yofiira kuti FILOMENA. Analemba dzinali mkazi wanga asanatenge n'komwe pakati.

Masabata awiri apitawo, Loweruka m'mawa, tinanyamuka awiri, ine ndi apongozi, kukatenga matumba a feteleza tsidya. Pothira petulo wa m'chigubu chachiwiricho ndinaona kuti mtundu wake wada, ukuoneka ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo fungo lake silinali lija limalasa m'mphuno. Ankanunkha ngati penti yakale. Apongozi anakoka chingwe cha injini mwina kakhumi ndi kawiri isanalire. Italira inkangotsokomola, utsi uli tolotolo. Tinayenda bwino pang'ono, koma titafika pakati penipeni pamene madzi amathamanga, inangoti zii. Anakoka, anakokanso, osalira. Boti linatembenuka chammbali, madzi anatitenga mpaka tinakakodwa m'mabango kumunsi kwa madimba. Tinatulukamo pokoka mabangowo ndi manja, ndipo mabala ake ndikadali nawo. Nkhafi tinalibe, chifukwa apongozi amati nkhafi n'za anthu opanda injini.

Aphungu, ine kusambira ndimatha pang'ono, ndipo sindinkadziganizira ndekha. Nthawi yonse imene boti linkazungulira ndinkaona Filomena atagona pansi pa botilo, mutu uli pamiyendo pa amayi ake, ifeyo tikukoka mabango.

Titafika pamtunda, mtima utatsika, ndinalimba mtima n'kunena kuti, "Bambo, kodi si petuloyu wakhalitsa?" Anandiyang'ana ngati ndawapondera mbewu. Anati, "Aphunzitsi, inu dziwani za choko. Petulo saola, si ndiwo ayi. Ameneyu wagonera, wakhwima. Munda wogonera ndi umene umabereka, fodya wogonera ndi amene amakoma. Injiniyi idazolowera petulo wopepuka wamasiku anoyu, ndiye yangodzidzimuka ndi mphamvu. Izolowera." Kenaka anamwetulira n'kuwonjeza kuti, "Ngakhale mawu a akuluakulu amakoma akagonera." Pamenepo mkamwini ayankhanso chiyani? Ndinangoti, "Zikomo, bambo."

Kuyambira tsiku limenelo m'mawa uliwonse amalowa m'kanyumba kaja n'kukhutchumula chigubu cha Filomena. Akuti akumudzutsa petuloyo kuti oyilo asakhale pansi. Ine ndikamva kukhutchumulako ndili pakhonde, phala limandiwawa mkamwa.

Ndinaba pang'ono m'chigubu chotsegulacho, m'kabotolo, n'kupita nako ku Boma kwa makaniko wina dzina lake Lameki, amene amakonza njinga zamoto ndi majenereta. Ananunkhiza kamodzi kokha n'kukwinya nkhope. Anati, "Uyu adafa kalekale, aphunzitsi. Mukufuna kupha injini kapena anthu?" Koma anali ndi mzere wa akabaza omudikira, ndiye sanandifotokozere zambiri, ndipo ine ndinachita manyazi kufunsa ngati mwana wa sitandade 1.

Nditamuuza Filomena anapitiriza kusenda mtedza. Kenaka anati, "Ndikudziwa kuti mukunena zoona. Koma chigubu chimenechija ndi chimene chimawapatsa mtendere bambo. Mukawauza kuti n'chachabe, zikhala ngati Luwiza wamwalira kachiwiri." Anayamba kulira, ndipo ine ndinasiya nkhaniyo.

Za kupita msanga kuchidikiro, kumene amayi oyembekezera amakakhala pafupi ndi chipatala kudikira tsiku lawo, ndinazitchulapo. Apongozi aakazi akuti ino ndi nthawi yothyola ndi kusoka fodya, akapita kukamudikirira ntchito iima, komanso mwana wathu woyamba uja atsala ndi yani. Aamuna akuti, "Mwana wanga akagone pasimenti masabata anayi ngati alibe kwawo? Boti lilipo, mafuta alipo, ine ndilipo." Sanena mwankhanza. Amanena monyadira, ndipo n'zimene zikundipweteka kwambiri.

Ndiye ndikufunseni, Aphungu. Kodi n'zoona kuti petulo wosakaniza amawonongeka, kapena Lameki ankangofuna ntchito? Nditagula watsopano n'kuphatikiza theka ndi theka, sangadzuke? Nanga kumusefa pansalu? Ngati wafadi, palibe ntchito ina imene angagwire kuti mkuluyu asaone ngati mbuzi zake zinapita pachabe? Mnzanga wina kusukulu akuti tikathire m'njinga yamoto, wina akuti ndi wabwino kuphera chiswe ndi kukolezera mbaula.

Chomaliza ndikuchita nacho manyazi. Ndakhala ndikuganiza zodikira tsiku limene onse apita kutchalitchi, ndimasule mphira uja, nditaye petulo wakaleyo kudzala, ndithiremo watsopano, n'kumanganso bwinobwino ngati sipanachitike kanthu. Palibe angakhumudwe. Koma ndikagwidwa, mudzi wonse udzati mkamwini wa ku Chiradzulu amaba petulo wa apongozi ake. Ndili ndi mantha, Aphungu. Mvula ikugwa pafupifupi tsiku lililonse, ndipo mitambo ikada cha ku Zambia kuno ndimasiya kuphunzitsa n'kuima pazenera. Ndithandizeni nzeru.

H.N., Mavwere, Mchinji

*

Aphunzitsi,

Pa a Kaputeni paja ndaseka pang'ono, ndisaname. Kwinako sindinaseke.

Mwandifunsa za petulo, ndipo ndikuyankhani. Koma ndiyambe ndi chimene simunafunse molunjika chifukwa mukuopa yankho lake. Filomena apite kuchidikiro sabata ino, tsiku loyamba limene madzi aphweko. Mayi amene anachitidwapo opaleshoni sadikira matenda kuti ayambire kunyumba, ndipo matenda a uchembere sawerenga kalendala ya kusikelo. Akhoza kuyamba masabata awiri tsiku lisanakwane, mtsinje uli pakamwa. Ngakhale mutakhala ndi petulo wogula m'mawa womwewo ndi injini yatsopano, kaboti ka padamu pamadzi osefukira, mutanyamula mayi amene matenda amuyamba, ndi njira ya munthu amene wasowa pogwira. Inu simunasowe pogwira, nthawi mukadali nayo. Pitani naye kusikelo, anamwino amulembere m'buku lake tsiku loti akafike ku Boma, ndipo bukulo mukaliike m'manja mwa apongozi aakazi. Mawu a mkamwini amakanidwa, koma cholembedwa ndi anamwino sichivuta kumva. Ndipo akangoona magazi, madzi kutuluka, mutu kuwawa kwambiri, kupweteka pachipsera cha opaleshoni, kapena mwana kusiya kugunda, musafunsenso aliyense chilolezo, nyamukani.

Za fodya ndi mwana wamkuluyo musalole kuti zikhale chifukwa. Fodya amathyoledwa ndi aganyu kapena achibale, ndipo inuyo mukaweruka muli ndi manja awiri. Mwanayo ndi wanu, mumusambitse ndi kumuphikira nokha, simufa nazo. Mukanena zimenezi poyera, apongozi aakazi mwawamasula. Ndikukayika ngati mayi amene anaika mwana wake m'manda chifukwa cha mtsinje womwewo akufunadi kutsala ndi fodya. Mwina akungoopa kutsutsa amuna awo, ngati inu nomwe.

Tsono petulo. Lameki sananame. Petulo saola ngati ndiwo, pamenepo a Goliati alondola, koma petulo amaguga. Mbali yake yopepuka, imene imachititsa kuti injini ilire mukangokoka chingwe, ndi imene imayamba kuuluka, makamaka m'kanyumba kotentha ka malata ndi m'chigubu cha mafuta ophikira chimene sichinapangidwire petulo. Chotsalacho chimada, chimanunkha ngati penti monga mwanenera, ndipo chimasiya utomoni umene umatseka timabowo ta m'kabuleta, momwe petulo amasakanikirana ndi mpweya. Chinanso, petulo wa masiku ano nthawi zambiri amakhala ndi ethanolo, mowa uja wochokera ku nzimbe, ndipo ethanolo amakoka chinyezi. Pakapita nthawi madzi amakhala pansi pa chigubu, ndipo injini ikayamwa amenewo imazima pomwepo, komanso imayenda kanthawi popanda oyilo woiteteza. Petulo amene wathiridwa kale oyilo ndi bwino kumumaliza mwezi usanathe. Akasungidwa pozizira, m'chigubu choyenera chotseka bwino, akhoza kufika miyezi iwiri kapena itatu. Wa apongozi anuwo watha miyezi khumi ndi isanu. Chigubu choyamba chinagwira ntchito chifukwa chinali chikadali chatsopano. Chachitatu, ngakhale chili ndi mphira pakamwa ndi dzina pambali, chinabadwa tsiku limodzi ndi chimene chinakuponyani m'mabango.

Kukhutchumula sikumudzutsa, kumangobalalitsa madzi ndi zinyalala za pansi. Kusefa pansalu kumachotsa mchenga, koma mphamvu imene inauluka sikuibweza. Theka ndi theka ndiye ayi, mungowononga watsopanoyo. Kuphatikiza kumatheka pa petulo wa mwezi umodzi kapena iwiri amene akadali woyera ndipo akununkha petulo: gawo limodzi la wakale, magawo anayi a watsopano, ndipo mumathira mu injini ya pamtunda, imene ikazima munthu amangodandaula n'kubwerera kwawo wapansi. Pamadzi musayesere chilichonse chokayikitsa.

Anzanu a kusukuluwo muwathokoze, koma musawamvere. M'njinga yamoto petulo ameneyu akaipitsa pulagi ndi kabuleta ya mwini wake, mudane. Kukolezera mbaula kapena kuthira munyali ndi kumene kumatumiza anthu kuchipatala nkhope zitapsa, chifukwa petulo ngakhale wakale mpweya wake umagwira moto patali. Musamuthire pachulu, kudzala, m'chimbudzi, pafupi ndi chitsime kapena mumtsinje. Mutsekeni bwino, mupite naye kwa Lameki kapena kugalaja ina imene imasunga mafuta otha ntchito, iwo akudziwa pomuika. Ndipo lero lomwe zigubuzo zichoke pafupi ndi feteleza ndi chigafa cha fodya wouma. Pamenepo mwasunga ngozi ina imene simunaiwerengere.

Nzeru yanu ya tsiku la tchalitchi ija isiyeni. Sindikunena za tchimo, zimenezo mukakambirana ndi abusa. Ndikunena kuti singagwire ntchito. Injiniyo yamwa kale petulo woipa, ndipo utomoni uli m'kabuleta, m'paipi ndi m'thanki. Mukhoza kuthiramo watsopano, injini n'kukazimanso pakati pomwe paja. Tinene kuti mwachita mwayi yalira bwino. A Goliati adzati chiyani? Adzati, mwaona, wogonera uja ndi ameneyu. Adzadzazanso zigubu zitatu n'kuzisunga zaka ziwiri, ndipo tsiku lina adzanyamula mwana wa munthu wina inu kulibe. Bodza lanu lidzakhala litawalimbitsa m'kulakwitsa kwawo. Za kugwidwa mwanena kale nokha, ndipo pamudzi palibe chinsinsi cha malita makumi awiri.

Chofunika n'chakuti mkuluyo aone ndi maso ake, ndipo asaonere pagulu. Musapite ngati mphunzitsi wokakonza kope la mwana. Yambani ndi injini, imene onse awiri munaiona ikuzima. Nenani kuti, "Bambo, ine tsiku lija ndinachita mantha. Ndilolezeni ndibweretse makaniko adzaione injiniyi tisanaifune." Palibe mwini injini amene amakana kuti ikonzedwe mwaulere. Lameki abwere Loweruka, akhuthule thanki ndi paipi, atsuke kabuleta, asinthe pulagi ndi sefa. Akamasula kabuleta, a Goliati akhale pomwepo aone utomoniwo pachala cha makaniko. Inu mukonzeretu mabotolo awiri oonekera mkati ndi malita asanu a petulo wogula kumene papampu. Iwo athire okha, wakale m'botolo limodzi, watsopano m'linalo, aimike pamthunzi kwa kanthawi, aone mtundu, anunkhize, aone ngati pansi pakhala mzere wa madzi. Inu pamenepo tsekani pakamwa. Zolankhula musiyire Lameki, amene alibe ukamwini woti auteteze.

Apongozi akabwerezanso za kugonera, musatsutse mwambi wawo, ngwabwino. Afunseni ngati munthu wofuna kuphunzira: "Bambo, nanga mbewu ya soya ikagonera zaka ziwiri imamera?" Mlimi aliyense wa kwa Mavwere yankho akulidziwa, ndipo ambiri anaphunzira ndi munda wa mipata. Iwo akudziwa kale kuti pali zinthu zokoma zikagonera ndi zina zofa zikagonera. Anangomuika petulo m'gulu lolakwika, chifukwa ku esiteti kuja petulo ankatha asanakalambe ndipo palibe anawauzapo. Kulakwitsa kotere si uchitsiru. Mukaona kuti zikuvutabe, pitani kwa ankhoswe a kuchikazi, ndiyo ntchito yawo, ndipo nkhani ya moyo wa mwana wawo saikana.

Za m'tsogolo n'zosavuta. Petulo azigulidwa pang'onopang'ono dzinja likayamba, azisungidwa wosasakaniza m'chigubu chopangidwira petulo, pozizira, ndipo oyilo azithiridwa pa ulendo umene ulipo. Azigwiritsa ntchito oyilo wa injini zotere, pabotolo pake amalemba kuti 2T. Muyezo umalembedwa pa injini pomwepo kapena m'buku lake. Zambiri zimafuna mamililita 100 pa malita asanu, koma zakale zina zimafuna wochulukirapo, ndiye Lameki aone. Mantha a apongozi anu oti tsiku la ngozi sipadzakhala nthawi yoyeza ali ndi mankhwala ake: ayezeretu oyilo m'kabotolo, akamangirire pachogwirira cha chigubu, tsikulo adzangotsanulira n'kukhutchumula. Pachigubu chilichonse azilemba tsiku logula, ndipo mwezi ukatha, wotsalayo agulitse kwa akabaza akadali wabwino, agule wina. Dzinja likatha injini isagone ndi petulo m'mimba. Nkhafi ziwiri ndi nsungwi yaitali zizikhala m'boti nthawi zonse, ndipo mufunefune majekete oyandamitsa munthu m'madzi. Nkhafizo mukhoza kusema nokha n'kuwapatsa ngati mphatso, mabala a m'manja mwanuwo akulankhulirani.

Tsopano za mawu a Filomena, amene ndi olemera kuposa zonse mwalembazi. Akunena zoona kuti chigubu chija chimawapatsa mtendere bambo ake. Munthu amene anasiya malata n'kusankha boti, n'kupirira kusekedwa zaka zonsezi, analumbira mumtima kuti mwana wake wina sadzaferanso m'mbali mwa mtsinje umenewo. Lumbiro limenelo silinawonongeke, ndipo musalikhudze. Chimene chawonongeka ndi malita makumi awiri a petulo basi. Mukawauza kuti Filomena apita kuchidikiro chifukwa boti lawo n'losadalirika, mwawalanda zonse. Koma palinso njira ina yonenera chinthu chomwecho, ndipo woinena bwino si inu. Ndi Filomena. Akhale pansi ndi bambo ake, awauze kuti, "Bambo, ndikufuna mundiwolotse inuyo, ndi boti lanu, ndikadali ndi mphamvu zanga. Sindikufuna kudzafika pamadzi paja pamachira." Mawu amenewo adzawalasa, inde, ndipo mwina onse awiri adzalira. Alekeni alire. Akhala zaka khumi osatchula tsiku limenelo.

Ndiye injini ikakonzedwa, iyesedwe kaye kawiri kapena katatu popanda Filomena, kupita ndi kubwera. Tsiku lowoloka lisankhidwe masana kuli kowala, madzi ataphwa ndipo ali odekha, mutafunsa kale galimoto yodzakudikirani tsidya. Ngati madzi aphwa mpaka kamlatho kuonekera, awoloke pamlatho, a Goliati amugwire dzanja, boti lisakhale lokakamiza. Koma ngati ndi boti, petulo akhale wogula sabata yomweyo, nkhafi zikhale m'manja mwanu, ndipo chiwongolero chikhale cha a Kaputeni. Pachigubu chatsopanocho apatseni penti yofiira alembepo okha FILOMENA, inu mungowonjeza tsiku pansi pake.

Chenjezo langa ndi ili. Musadikire kuti apongozi agonje kaye ndiye Filomena anyamuke. Kugonja kwa munthu wamkulu kumatenga masiku ake, ndipo mtsinje sudikira zokambirana. Akakana zonse, Filomena apitebe, ngakhale pangolo njira yozungulira tsiku louma, ndipo inu mulandire dzina lililonse limene mudzi ukupatseni. Dzina la mkamwini wamwano limafufutika mwana akabwera kunyumba ali m'manja mwa amayi ake. A Goliati ananena zoona kuti mawu amakoma akagonera, ndipo anuwa adzawakomera chaka chamawa akunyamula mdzukulu. Koma muwanene sabata ino.

Aphungu